Pamene Abambo Anaiwala Chichewa

Ndimagwira ntchito yotayipa pa Songani. Kasitolo kake n'kakang'ono, kali kuseri kwa mabenchi a amayi ogulitsa matimati, ndipo mwini wake ndi bambo wina wachisilamu amene amagulitsanso simenti kutsidya kwa msewu. Muli kompyuta imodzi, makina a fotokope amene sachedwa kutentha, ndi mpando wapulasitiki wokhalapo makasitomala. Anthu amabwera ndi mapepala olemba pamanja: makalata ofunsira ntchito, makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, mayeso a timasukulu tapulayiveti. Ine ndimatayipa, n'kumawongola pamene Chingerezi chakhota, osawauza kuti ndakonza. Magetsi akathima timangokhala, kuyang'ana maminibasi a ku Liwonde akulimbirana anthu.

Ndili ndi digiri. Ndinaphunzira ziyankhulo za mu Afrika ndi mbiri yakale ku yunivesite, ndipo ndinakhoza bwino. Ena mwa amene ndimawatayipira makalata amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amandiitana kuti aphunzitsi, mwina posowa dzina lina loitanira munthu wophunzira amene akupanga fotokope. Kale zinkandilasa. Masiku ano ndimangoyankha.

Abambo anga anali mesenjala m'maofesi a boma ku Zomba kuyambira ali mnyamata mpaka kupuma ntchito. Anakwatira kwa amayi, m'mudzi wa kufupi ndi Domasi Mishoni, ndipo m'mawa uliwonse ankapalasa njinga kudutsa pa Songani ndi pa Naisi, buluku atalimanga ndi mphira ku akakolo kuti lisakodwe m'tcheni. Anali munthu wosayankhulayankhula. Ana tinalipo awiri, ine ndi mlongo wanga wondiponda pamutu.

Nditamaliza sekondale ndinapeza malo awiri, ku sukulu ina yophunzitsa anamwino ndi ku yunivesite. Ndinawauza abambo zimene ndasankha tsiku lina Loweruka, iwo akumata chubu cha njinga pakhonde.

"Ziyankhulo," anatero. "Ukaphunzira, ntchito yake udzaipeza kuti?"

"Ndidzaphunzitsa, abambo. Kapena ku wayilesi. Kapena m'boma momwemo."

"M'boma ndakhalamo ine. Ndanyamula mafayilo a anthu a madigiri mpaka imvi mbuu. Ndikudziwa amene akulowa masiku ano ndi amene akubwerera pakhomo. Unamwino suchititsa manyazi. Odwala alipo tsiku lililonse."

Ndinawayankha kuti unamwino ndi ntchito ya akazi. Ndinali pa msinkhu umene munthu amayankha choncho. Abambo anamiza chubu m'beseni n'kumachitembenuza pang'onopang'ono, kufuna pamene pakutuluka thovu, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo. Sanandiletse. Tsiku lopita anandinyamulira sutikesi pa njinga mpaka pamsewu.

Ndisaname, zaka za ku yunivesite ndi zimene ndinasangalalapo kwambiri pa moyo wanga. Ndinkawerenga mpaka otseka laibulale kudzagogoda pa tebulo kuti ndituluke. Tinkatsutsana za thangata, za malire amene azungu anajambula, za mmene chiyankhulo chimabwerekera mawu kwa chinzake osabweza. Ndinkaganiza kuti munthu amene akumvetsa chifukwa chimene zinthu zilili chonchi sangasowe pogwira.

Chaka chomaliza aliyense ankayenera kuchita kafukufuku wake. Mayi wina wachikulire amene ankatiphunzitsa anatiuza kuti tisapite patali, tiyang'ane chiyankhulo chimene chikutha pakhomo pathu pomwe. Ine ndinakumbukira kuti abambo ndi Alomwe. Ndinkangodziwa kuti anabadwira ku Phalombe, ndipo makolo awo anachokera ku Mozambiki kudzafuna ntchito m'maesiteti. Koma chibadwire sindinawamvepo akutchula liwu limodzi la Chilomwe. Amayi ndi a Chichewa ndi Chiyao, ndipo pakhomo pathu tinkangoyankhula Chichewa. Nditabwera pa holide ndinawapempha abambo kuti andithandize.

"Zimenezo ndinazisiya ku pulayimale," anatero. "Sindikumbukira kanthu."

"Ngakhale moni?"

"Ngakhale moni."

Choncho ndinapita ndekha ku midzi ya kumalire ndi Mozambiki, kuseri kwa phiri, kumene ndinakhala maholide awiri ndi kachojambulira mawu kobwereka. Azimayi okalamba a kumeneko ankandiseka ndikalakwitsa, n'kumandibwerezetsa ngati mwana. Pochokako ndinkamva pafupifupi zonse, ndipo ndinkayankhula mopunthwapunthwa. Ndinalemba za aneni a Chilomwe, mmene amasinthira posonyeza nthawi. Mayi wotiphunzitsa uja anati ndi ntchito yabwino. Tsiku lolandira madigiri abambo anavala suti yawo yakuda, tinajambulitsa chithunzi ine ndili mu gauni, ndipo anachipachika pabalaza.

Zimene zinatsatira sizifuna mawu ambiri. Ndinalemba makalata, ndinayenda ku maintaviyu ku Blantyre ndi ku Lilongwe, kumene ndinkapeza anzanga a m'kalasi atakhala pa benchi lomwelo, tonse titavala mataye. Ndinaphunzitsa pa sukulu ina yapulayiveti ku Liwonde mpaka inatsekedwa. Ndinayendapo m'midzi ndi mabungwe, kufunsa anthu kuti amadya kangati pa tsiku ndiponso ngati ali ndi chimbudzi, ntchito za mwezi umodzi kapena iwiri. Kenako ndinabwerera kwathu, n'kupeza mpando wa pa Songaniwu, ndikuti ndingogwirizira. Mlongo wanga anapita ku unamwino. Anapeza ntchito asanamalize n'komwe kulongedza katundu wa kusukulu, ndipo ndi iye amene anafolera nyumba ya makolo athu ndi malata.

Abambo sananenepo kuti ndinakuuza. Alendo akafunsa za ine ankangoti, "Uyu akudikira." Ankanena choncho chaka choyamba, ndipo ankanenabe choncho tsitsi langa litayamba kuthothoka pamphumi. Ndinanong'oneza bondo, inde. Panali nthawi imene ndinkadzuka mtima ukuwawa, ndikuwerengetsera kumene ndikanakhala ndikanawamvera tsiku lomata chubu lija. Ndinafunsapo ngati n'kotheka kuyambiranso, koma zaka zinali zitapita ndipo za sayansi ndinali nditaiwala. Kenako ngakhale kuwawa kuja kunatha. Sikuti ndinavomereza. Kunangotha, monga mmene mwendo umachitira dzanzi ukakhalira nthawi yaitali.

Sitiroko inawagwira abambo nyengo ya mvula, m'mawa, akusukusula kuseri kwa nyumba. Amayi anandiimbira ndili m'njira yopita kuntchito. Tinawatengera kuchipatala cha ku tauni pa galimoto ya munthu wina wa kutchalitchi, ndipo mlongo wanga anafika kuchokera ku Blantyre madzulo ake. Anakhala masiku angapo osadziwa kanthu. Atatsitsimuka, mbali ya kumanja inali itafa, pakamwa patakhota, ndipo ankatulutsa timawu timene amayi ankayesa kuti ndi kubuula chabe. Mlongo wanga ankawerama n'kumawafunsa mokweza ngati akumva kupweteka, ngati akumudziwa. Iwo ankangomuyang'ana.

Ine ndinali nditaima pawindo, kuyang'ana anthu odikirira odwala akuyanika zovala pa waya. Kumbuyo kwanga ndinamva abambo akuti, "Mahi." Anabwerezanso. Ndinatenga kapu, ndinathira madzi, ndinawatukula mutu n'kuwamwetsa. Anamwa mpaka kutha.

"Mwadziwa bwanji, achimwene?" anafunsa mlongo wanga.

"Anena kuti madzi."

"Sananene madzi. Ndinali pompano."

"Anena m'Chilomwe."

Amayi anandiyang'ana ine, kenako anayang'ana mwamuna wawo ngati munthu amene angomupeza pa bedi la eni ake. Adokotala atabwera anati zimachitika. Ubongo ukavulala, nthawi zina chiyankhulo chimene munthu anaphunzira pambuyo chimatayika, n'kutsala chimene anayamwira. Anati Chichewa chikhoza kubwerera, kapena ayi, tidikire tione. Sichinabwerere. Mpaka kumwalira kwawo, liwu lokhalo limene tonse tinkalimva linali ameni, abusa akabwera kudzapemphera.

Atatulutsidwa tinabwerera nawo kumudzi. Mlongo wanga anatiphunzitsa kuwatembenuza kuti asachite zilonda, n'kubwerera kuntchito kwake. Mwini sitolo anandilola kuti ndizibwera masana okha. Kuyambira pamenepo ine ndinakhala pakamwa pa abambo. Ndikakhala panja ndinkamva amayi akuitana, "Iwe, tabwera udzamve," ndipo ndinkalowa, kugwada pafupi ndi mphasa, kumvetsera, n'kuwauza. Phala latentha. Ntchentche. Chiuno chikuwawa. Atembenuzidwe. Akufuna panja. Chilomwe changa chinali chitachita dzimbiri, koma chinkabwerera tsiku ndi tsiku. Panalinso mawu ambiri amene sindinawamvepo. Azimayi a kumalire aja anandiphunzitsa nyimbo, maina a mbewu, ndi mmene aneni amayendera, koma palibe amene anandiphunzitsa mmene munthu wamkulu amanenera kuti wadziipitsira. Zimenezo ndinaphunzira kwa abambo.

Panapita milungu ndisanazindikire kuti sakundidziwa. Ankandiitana ndi liwu limene m'Chilomwe limatanthauza mkulu wanga, ndipo poyamba ndinkayesa kuti lilime likungophonya. Koma tsiku lina anandifunsa ngati bala langa la pamwendo lapola, limene ndinadzitema ndi chikwanje ku esiteti ya tiyi. Ndinawafunsa amayi. Anaganiza kanthawi n'kunena kuti anamvapo kamodzi, kalekale, kuti abambo anali ndi mkulu wawo amene anamwalira ali mnyamata. Sankadziwa dzina lake. Kwa abambo, munthu yekhayo m'nyumbamo amene ankayankhula chiyankhulo chawo sakanakhala wina koma iyeyo. Ndinayesa kangapo kuwauza kuti ndine mwana wawo. Ankaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, ngati ndanena nthabwala. Ndinasiya, n'kumangovomera.

Munthu uja amene moyo wanga wonse ankayankha ndi mawu awiri kapena atatu, tsopano ankayankhula osatopa. Tinkawatulutsa pansi pa mtengo wa mango, kuwatsamiritsa pa pilo, ndipo ankayamba. Ankandikumbutsa zinthu zimene ankati tinachita tonse: kutchera mbewa m'munda wa chinangwa, kuba nzimbe kwa kapitawo, tsiku limene amayi athu, ndiye kuti agogo anga amene sindinawaonepo, anatimenya chifukwa chotaya mchere. Anandiuza za mphunzitsi amene ankawaimika kutsogolo kwa kalasi akayankhula Chilomwe, n'kuuza ana onse kuti awaseke. Anandiuzanso kuti pofunsira ntchito ya umesenjala anaopa kuti dzina la kwawo liwaulula, choncho anatchula dzina la mnzawo wina wa m'kalasi, ndipo kalaliki analemba lomwelo. Ndi dzina limene amayi anakwatiwa nalo, limene lili pa yunifolomu ya mlongo wanga, limene lili pa digiri yanga. Anatchula dzina lenileni kamodzi kokha, ali pakati pa nkhani ina.

Ndikanamva zimenezi ndili ku yunivesite, sindikanagona. Ndikanathamangira kwa mayi wotiphunzitsa uja, ndikanalemba mpaka cholembera kutha. Apa ndinkangomvetsera, dzanja lina likuingitsa ntchentche. Ndinawajambulapo pa foni maulendo angapo chifukwa ndinkadziwa kuti munthu wophunzira zimene ndinaphunzira amayenera kutero. Mpaka lero sindinatsegulepo kuti ndimvetsere.

Amayi ankafuna kumva chilichonse. Ankakhala chapafupi ndi ntchito yawo ya m'manja, ndipo abambo akangopumira ankafunsa kuti akuti chiyani. Ndinkawamasulira. Za dzina lija anangoti, "Ndiye ine ndakhala mayi ndani zaka zonsezi?" Sanadikire yankho, analowa kukhitchini.

Nthawi ina abambo anayamba kulira kalongonda, nyemba zija zimene Alomwe amadya. Tsiku lililonse kalongonda. Amayi sanaphikepo, kwawo sadya. Anapita kumudzi wina wa kumunsi kwa mtsinje, kumene kuli mabanja a Alomwe, ndipo mayi wina anawapatsa wouma wa chaka chatha, n'kuwachenjeza kuti akapanda kumuphika mokwanira amaledzeretsa ndipo akhoza kupha. Amayi anamuphika tsiku lonse, kutaya madzi n'kuthira ena, nkhuni zonse za pakhomo mpaka kutha. Madzulo ndinawadyetsa abambo. Anadya pang'ono, n'kukankha supuni, n'kunena kuti si mmene amaphikira amayi athu. Amayi anafunsa kuti akuti chiyani. Ndinawauza. Anatenga mbale ija n'kukapatsa ana a oyandikana nawo.

Tsiku limene ndimalikumbukira kwambiri linali la nyengo yokolola mpunga. Amayi ankapeta chapafupi, ine nditakhala pa njerwa pambali pa mphasa, ndikuwenga zikhadabo za abambo. Mwadzidzidzi iwo anandifunsa ngati ndikudziwa kuti anakwatira ndipo ali ndi ana. Aka kanali koyamba kuti atchule za banja lawo la kuno. Ndinati sindikudziwa, andiuze.

"Ndili ndi awiri," anatero m'Chilomwe. "Wamkazi ali kuchipatala, amabaya anthu jakisoni. Ameneyo ali bwino."

"Nanga winayo?"

Anayang'ana masamba a mango. Malovu ankatsika mbali yakufa ija, ndipo ndinawapukuta.

"Wamwamuna anaphunzira kwambiri. Kuposa onse amene ndinkawanyamulira mapepala. Koma sukulu yake sinamupatse kanthu. Amangokhala pamsika, m'kanyumba, kulembera anthu makalata. Ndikamadutsa pa njinga ndimayang'ana kumbali, kuti asaone kuti ndamuona."

"Munamuuzapo zimenezi?"

"Ayi. Ndi mwana wofatsa. Akudziwa yekha." Anapuma movutikira. "Inu ndinu wamkulu, akhoza kukumverani. Mukamuona mumuuze apite kuchipatala akaphunzire ngati mlongo wake. Akadali mwana, nthawi ilipo."

Ndinati ndimuuza. Anati chiuno chikuwawa, ndipo ndinawatembenuza.

"Ayankhula nthawi yaitali," anatero amayi. "Akuti chiyani?"

Ndinawamasulira zonse, mmene zinanenedwera, osachotsa kapena kufewetsa. Amayi anapitiriza kupeta, mankhusu akuuluka kugwera pa chitenje chawo.

"Zimenezo si zachilendo," anatero. "Ankandiuza m'Chichewa momwe, kawirikawiri." Anagwedeza lichero n'kutola kamwala. "Koma zoyang'ana kumbalizo sanandiuzepo."

Ndinadikira kuti ndimve kanthu mumtima, manyazi kapena mkwiyo kapena chisoni. Sikunabwere kanthu. Chimene ndinazindikira n'chakuti ponena kuti ndimayang'ana kumbali, abambo anagwiritsa ntchito mneni mwa njira ina imene ndinailembapo mutu wathunthu mu kafukufuku wanga uja. Ndinalemba kuti njira imeneyo imasonyeza chinthu chimene munthu amachita mobwerezabwereza ndipo sanasiye. Mmodzi wa oyesa mayeso anakayikira, anati umboni wanga ndi wochepa. Nditakhala pa njerwa paja ndinaona kuti ndinalemba zoona. Ndinamaliza kuwenga zikhadabo, ndinasamba m'manja, n'kupita kuntchito. Tsiku limenelo ndinatayipa mayeso a Chingerezi a Folomu 2.

Pambuyo pake sanatchulenso za ana awo. Anabwerera ku chinangwa ndi ku esiteti, ndipo mawu ankachepa mlungu ndi mlungu. Chakumapeto ankangotchula madzi ndi kuzizira. Anamwalira m'nyengo yozizira, m'mawa, amayi akutenthetsa madzi oti tiwasambitse. Ine ndinali pambali pawo. Sananene mawu otsanzika. Amayi anafunsa ngati ananena kanthu, ndipo ndinati ayi.

Pulogalamu ya maliro ndinatayipa ndekha pa Songani, pa kompyuta yomwe ija. Ndinangotsegula ya maliro a munthu wina imene ndinatayipa mlungu wapitawo, n'kusintha dzina, nyimbo ndi chithunzi. Akuluampingo anandipempha kuti ndilembenso mbiri ya womwalira, poti ndine wophunzira mbiri. Ndinalemba kuti anabadwira ku Phalombe, anagwira ntchito m'boma mokhulupirika, anali mkhristu, asiya mkazi ndi ana awiri. Ndinaika dzina limene aliyense ankalidziwa. Ndinafunsa amayi ngati tiwonjezere linalo, ndipo anati anthu angosokonezeka.

Kuchokera kwawo kwa abambo kunabwera anthu ochepa. Pakati pawo panali mayi wina wokalamba kwambiri, msuweni wawo, amene anakulira nawo limodzi. Ndinapita kukagwada pamene anakhala, n'kuwapatsa moni m'Chilomwe, ndikuganiza kuti mwina andiuza za mkulu wawo wa abambo uja. Anandiyang'ana n'kuseka pang'ono.

"Mwanawe, zimenezo ife tinaiwala kalekale," anatero m'Chichewa. "Wakuphunzitsa ndani?"

Ndinati ndinaphunzira kusukulu. Anati sukulu za masiku ano zili ndi zinthu. Za mnyamata amene anamwalira ku esiteti ankakumbukira kuti analiko, wamtali, koma dzina linali litawathawa.

Mwambo wonse utatha ndinaperekeza mlongo wanga pa Songani kuti akakwere minibasi ya ku Blantyre. Tinaima pamthunzi wa sitolo ina, iye atakumbatira chikwama. Anandiuza kuti kuli maphunziro afupiafupi a anthu othandiza kogawira mankhwala, ndipo salabadira kwambiri za zaka. Anati akhoza kundifunsira, ndipo zofunika zonse aona yekha. Ndinati ndiganiza.

"Mumadandaula, achimwene? Kuti simunapite kuja?"

"Inde."

"Koma pakanapanda inu abambo akanafa ngati munthu wosayankhula. Ine ndi unamwino wangawu ndinkangowayang'ana. Sukulu yanu inagwira ntchito."

"Inagwira miyezi ingapo," ndinatero. "Ndipo zambiri zimene ndinamasulira zinali madzi ndi chiuno."

"Si zochepa zimenezo."

Mwina ankanena zoona. Ndaganizapo kangapo, magetsi akathima. Sindidziwa mmene munthu angayikire pa sikelo zinthu ziwirizi, mbali ino zaka zonse zimene ndakhala pa mpando uwu, mbali inayo bambo wokalamba amene anapeza womumva asanafe, ngakhale ankamuyesa munthu wina. Ndikanapita ku unamwino, bwenzi ndili ndi nyumba yanga, mwina banja, ndipo abambo bwenzi akuimika njinga kudzandipatsa moni. Bwenzinso atamwalira akupempha madzi popanda wowamva. Ndikaziika pamodzi sizipereka yankho, zimangokhala ziwiri. Minibasi inabwera, kondakitala analanda chikwama cha mlongo wanga, ndipo iye anachitsatira. Za maphunziro aja anandikumbutsapo pa foni kawiri konse. Sindinakane ndipo sindinavomere.

Chilomwe chija chayambanso kundithawa, poti palibe woyankhula naye. Nthawi zina liwu limandibwerera ndikutayipa, ndimalitchula chamumtima, n'kupitiriza.

Dzuwa litayamba kutentha chaka chomwecho, amayi anandipempha kuti ndiwathandize kuthyola nandolo wouma kumunda wa kumtunda. Tinapita m'mamawa Loweruka. Tinkagwira mizere yoyandikana, aliyense ndi thumba lake, makoko akuthetheka m'manja. Tili pakati pa munda amayi anaima, anawongola msana, n'kufunsa osandiyang'ana.

"Miyezi yonse ija, abambo ako ananditchulapo ine?"

Ndinaganiza bwinobwino, kuyambira kuchipatala mpaka tsiku lomaliza. Anatchula amayi awo, mkulu wawo, kapitawo, mphunzitsi, ana awiri. Ananena kamodzi kuti anakwatira. Mayi amene ankawasambitsa ndi kuwaphikira phala ankamutchula kuti mayi wa pano, ndipo nthawi zina ankandifunsa ngati tamuthokoza.

"Ayi, amayi," ndinatero. "Ankangoti mayi wa pano. Ankafunsa ngati takuthokozani."

"Sunandiuze zimenezo."

"Simunali pafupi pamene ankanena."

Anayang'ana kumunsi kumene kuli madimba a mpunga. Kenako anakoka nthambi ina n'kuyamba kupulula.

"Ndimadziwa," anatero. "Ndimangofuna ndimve kwa iwe."

Tinathyola mpaka dzuwa litafika pamutu. Matumba sanadzaze, nandolo sanabereke bwino chaka chimenecho. Amayi anasenza laling'ono, ine lalikulu, ndipo tinatsika kubwerera kunyumba.